Mzati Wachisanu ndi Chiwiri

Ogasiti wa ku Makeni sadziwa ulemu:
fumbi m'mano, fumbi m'khutu,
majumbo ouluka kuchokera ku msewu wa Kafue
kudzakodwa pa waya wa mpanda.
Ife atatu, ndi mizati khumi ndi iwiri
yogona pa udzu wouma, yakuda bii ndi phula,
yolemera ngati ngongole ya chaka chatha.

Maenje tinakumba Lachiwiri.
Dothi la kuno ndi lachinyengo:
zikhatho ziwiri zofewa, kenako mwala wa laimu,
piki kudumpha, mano kuwawa mpaka m'mizu.

A Sakala akwera thalakitala.
Itsokomola kawiri, kachitatu ivomera.
Mikono yake yachitsulo itsika
ngati wodwala msana akutola khobidi.
Zagwa akulunga tcheni,
osati pakati, akutero, kwezako pang'ono
kuti tsinde lilemere, lifune lokha pansi.

Ine malo anga ndi pa dzenje.

A Sakala dzenjelo saliona,
boneti imawatchinga. Amaona manja anga basi.
Chala m'mwamba: kwezani.
Chikhatho chotambasula: imani pomwepo.
Injini ikamalira mawu alibe ntchito.
Bambo wa ana asanu
waika maso pa zala za mnyamata
amene masamu anamugwetsa giredi naini.

Mzati udzuka.
Uyamba wagwada, kenako uwongola khosi,
ulendewera pakati pa thambo ndi nsapato zanga.
Ndiukumbatira ngati mbuzi yokana khola,
ndiukankha ndi phewa,
dii! walowa. Nthaka indigwedeza mpaka m'mawondo.

Isanu ndi umodzi inalowa chomwecho.

Pa wachisanu ndi chiwiri mphepo inabwera ndi maganizo ake,
kamvuluvulu wochokera cha ku Chilanga.
Mzati unazungulira.
Tcheni inalira khwee, kutsetsereka pa phula.
Tayala lakumbuyo linanyamuka,
ndinaona dzuwa likudutsa pansi pake,
ndipo dzanja langa linaiwala chilankhulo chonse.

A Sakala sanadikire chala changa.
Anatsitsa, osati mothamanga,
ngati akugoneka khanda lovuta tulo,
mpaka tsinde linaluma dothi
pambali pa dzenje,
pa chidindo cha nsapato yanga yakumanja.

Anazimitsa injini.
Tinamva nkhuku za kwa aneba
ndi kondakitala kutali akuitanira a ku tauni.
Zagwa anapukuta tcheni ndi thumba la feteleza,
anamwaza mchenga pa phula,
anakulunga katatu, osayang'ana munthu.
A Sakala anandipatsira botolo la madzi;
madziwo ankavina
ndisanaligwire n'komwe.

"Bambo anga," anatero,
"yotereyi ankadzutsa ndi amuna khumi,
zingwe ndi mphanda.
Ukaterereka unkagawana mapewa khumi.
Masiku ano umasankha mmodzi.
Ima kumanzere kwa tayala,
ndizikuona nkhope, osati zala zokha."

Tinauika. Tinaika ndi inayo,
miyala m'dzenje, kusinja ndi chitsulo,
simenti pamwamba.

Madzulo yonse ili chilili, yopanda denga,
mithunzi yake yatambalala mpaka ku thanki ya madzi.
Mwini famu adzabwera Loweruka,
adzatsinzina diso limodzi potsata mzere,
adzati zili bwino, adzatipatsa theka la malipiro.

Koma wachisanu ndi chiwiri wapendekera kumadzulo
ndi chala chimodzi.
Levulo inandiuza: kathovu kake kanakana pakati,
ndipo ine, mawondo adakali ofewa,
ndinaiponya m'thumba osanena.
Malata akadzaphimba, chimanga chikadzadzaza shedi,
palibe amene adzadziwe.

Phula la pa phewa la malaya anga silikuchoka.
Ndachapa katatu.
Ndikamadutsa pa minibasi m'mawa
ndimawerenga mizati kuyambira kumpanda,
ndikafika pa uwo ndimasuntha phazi.